MTENGO WA TIKITI UTSIKE, KOMA ULEMU USATSIKE NAWO

Ku Chambe, m'boma la Mulanje, kulibe bwalo la ndege, ndipo anthu ambiri a kumeneko ndege amangoiona ikudutsa pamwamba pa phiri. Komabe munthu amene angaganize kuti nkhani za makampani a ndege siziwakhudza anthu amenewa, ndiye kuti deralo sakulidziwa. Alendo amene amadzakwera phiri la Mulanje kudzera pa Likhubula, amene ndalama zawo zimadyetsa mabanja a anyamata onyamula katundu ndi olondolera njira, ambiri a iwo amalowa m'dziko muno pa ndege, kutsikira pa Chileka kapena pa Lumbadzi. Ndiponso midzi yambiri ya m'mphepete mwa msewu wopita ku Phalombe ili ndi ana ake ku Joni. Mwana wotere akalandira uthenga wa maliro a mayi ake, amakhala pansi kuwerenga ndalama zake kuti aone ngati angakwere ndege ya maola awiri, kapena apirire basi ya masiku awiri yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, n'kudzapeza mwambo wonse utatha.

Chifukwa chake mtengo wa tikiti ya ndege si nkhani ya mabwana okha, ndipo aliyense wofunira dziko lino zabwino ayenera kufuna kuti mtengowo utsike. Koma pamodzi ndi matikiti otsika mtengo pabwera chiphunzitso china choipa, chimene chayamba kumveka ngakhale pakamwa pa anthu ophunzira. Chiphunzitsochi chikuti munthu amene walipira zochepa asayembekezere moni, asayembekezere kuyankhidwa akafunsa, ndipo ndege ikachedwa asayembekezere kuuzidwa chifukwa chake, pakuti ulemu uli ndi mtengo wake ndipo iyeyo sanaugule. Chiphunzitso chimenechi n'chofunika kuchikana poyera chisanazike mizu pa mabwalo a ndege a dziko lino. Ndipo ofunika kuwayang'anitsitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi makampani akuluakulu a ndege amene amabereka timakampani ting'onoting'ono totsika mtengo, kuti tiziwachitira zimene iwo eni akuchita nazo manyazi.

Maulendo a pa ndege otsika mtengo sanayambidwe ndi makampani akuluakulu. Ku America kampani ya Southwest inayamba kuuluka mu 1971 pakati pa mizinda itatu ya ku Texas. Ku Mangalande mkulu wina dzina lake Freddie Laker anayambitsa maulendo a Skytrain pakati pa London ndi New York mu 1977, pa mtengo umene wogwira ntchito wamba akanaukwanitsa. Kodi makampani akuluakulu anakondwa poona kuti anthu wamba ayamba kuuluka? Ndi pang'ono pomwe. Anatsitsa mitengo yawo pa njira yomweyo, ndipo kampani ya Laker inagwa mu Febuluwale 1982. Itagwa, mlandu unakalowa ku khoti ku America wonena kuti makampani angapo, kuphatikizapo British Airways, anapangana kuti aigwetse, ndipo mu 1985 makampaniwo analipira ndalama zambiri kuti mlanduwo uthere kunja kwa khoti. Aliyense angathe kudziweruzira yekha tanthauzo la malipiro otere.

Ndege yotsika mtengo imapulumutsa ndalama m'njira zosabisika. Kampani imagula ndege za mtundu umodzi, kuti oyendetsa, amakaniko ndi zipangizo zikhale zofanana. Mipando imathinana kuti anthu alowe ambiri. Ndege imatera, kutsitsa anthu, kukweza ena ndi kunyamukanso pa theka la ola chabe, pakuti ndege yongoima pabwalo imadya ndalama ngati ng'ombe yosalima. Matikiti amagulitsidwa pa intaneti, chakudya chimagulidwa ndi wochifuna, ndipo sutikesi imalipiridwa payokha. Pa zonsezi palibe cholakwa. Imeneyi ndi nzeru yomwe mayi wa pa msika wa Chitakale amaidziwa pounjika tomato wake m'timilu ting'onoting'ono kuti wa ndalama zochepa agule naye. Munthu safa ndi njala pa ulendo wa maola awiri, ndipo amene akuthamangira maliro sakwerera ndege nkhuku yokazinga.

Vuto linabwera pamene makampani akuluakulu, atalephera kupha mpikisano ndi mitengo yokha, anaganiza zobereka ana. Mu Meyi 1998 British Airways inabereka mwana wake, dzina lake Go, wouluka kuchokera pa bwalo la Stansted. Chifukwa chake chinali chodziwika kwa aliyense: makampani a easyJet ndi Ryanair anali atayamba kuilanda anthu. Mwini wake wa easyJet, Stelios Haji-Ioannou, anagula matikiti n'kukwera ndege yoyamba ya Go pamodzi ndi antchito ake atavala maovolosi a mtundu wa kampani yawo, kusonyeza kuti akudziwa chimene mwanayo wabadwira. Patangopita zaka zitatu British Airways inamugulitsa mwanayo pa mtengo wa mapaundi 100 miliyoni, ndipo mu 2002 anagwera m'manja mwa easyJet yomweyo imene anabadwira kudzaipha. Kampani ya KLM ya ku Holland inabereka Buzz mu 2000, ndipo mu 2003 inamugulitsa kwa Ryanair.

Ku America ndiye kuli manda enieni a ana otere. Continental Lite inabadwa mu 1993 n'kufa mu 1995. Shuttle by United inakhala kuyambira 1994 mpaka 2001, MetroJet kuyambira 1998 mpaka 2001. Kampani ya Delta inaika m'manda Delta Express mu 2003, chaka chomwecho inabereka Song, ndipo nayenso anamuika mu 2006. Kampani ya United inayesanso mu 2004 ndi mwana wotchedwa Ted, dzina limene linangodulidwa kumchira kwa dzina la make, ndipo pofika mu 2009 anali atapita. Ngakhale Air France, imene inali ndi nthawi yokwanira yophunzira pa anzake onsewa, inabereka Joon mu 2017, kumuveka nsapato zoyera kuti akope achinyamata, n'kumutseka mu 2019. Banja limene ana ake amafa motsatizana chonchi, akuluakulu a m'mudzi saleka kulifunsa mafunso.

Koma palibe chifukwa chopitira kutali, pakuti chitsanzo chachikulu chili ku South Africa komwe, kumene kuli Amalawi zikwizikwi. Mu 2001 kampani ya Comair, imene inkauluka m'dzina la British Airways, inabereka kulula. Mu 2004 kunabwera kampani yapadera ya 1time. Poona izi, South African Airways, kampani ya boma la dzikolo, inabereka Mango mu Novembala 2006, ndi ndege zake zofiirira ngati chipatso chakupsa. N'kofunika kukumbukira kuti chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, mu 2005, South African Airways inali italipitsidwa chindapusa cha marandi 45 miliyoni chifukwa chopondereza makampani anzake pogwiritsa ntchito ukulu wake. Kampani yotere ikabereka mwana wotsika mtengo, ndi munthu wogona yekha amene angakhulupirire kuti yatero pomvera chisoni amphawi. Kampani ya Nationwide inagwa mu 2008, ndipo 1time inagwa mu Novembala 2012, eni ake akudandaula kuti sakanatha kupikisana ndi makampani amene kumbuyo kwawo kuli thumba la boma.

Opikisana nawo atagona, zotsatira zake zinaoneka. South African Airways yomwe inamira m'ngongole, ndipo mu Disembala 2019 inaperekedwa m'manja mwa akatswiri oyesa kuipulumutsa. Mwana uja, Mango, analeka kuuluka mu Julaye 2021, antchito ake atakhala osalandira malipiro, ndipo anthu amene anali atagula kale matikiti anatsala nawo m'manja. Mu Juni 2022 Comair nayo inatseka, kulula n'kupita nayo limodzi. N'zoona kuti mliri wa Covid-19 unafooketsa makampani onse a ndege pa dziko lapansi, ndipo palibe wotsutsa zimenezo. Koma funso n'lakuti, mvula itakula, amene anasiyidwa panja ndani? South African Airways inathiridwa ndalama za boma n'kuyambanso kuuluka mu Seputembala 2021. Mango sanadzukenso. Mmalawi wogwira ntchito ku Cape Town kapena ku Durban, amene ankakwera Mango kapena kulula kuti akapeze ndege yopita kwawo pa Johannesburg, anaphunzira kuti mwana wa kampani amabadwa kuti adzaponyedwe kunja pa tsiku la njala.

Apa ndiye pali mutu weniweni wa nkhaniyi. Kampani yaikulu ikafuna kutsitsa mtengo, palibe chimene chimailetsa kutero m'dzina lake lomwe, m'ndege zake zomwe. Nanga imaberekeranji mwana wa dzina lina? Imatero pofuna kulemba antchito atsopano pa malipiro otsika, kunja kwa mapangano amene inachita ndi mabungwe a antchito ake akale. Joon inakhazikitsidwa ndi cholinga chimenechi mosabisa, ndipo othandiza anthu m'ndege zake ankalandira zochepa kusiyana ndi anzawo a Air France amene ankagwira ntchito yomweyo. Imateronso pofuna kukhala ndi nkhope ziwiri. Nkhope ina imamwetulira bwana wa kutsogolo, kumupatsa kansalu kofunda kopukutira m'manja ndi kumutchula dzina. Nkhope inayo imayang'ana munthu wamba ngati thumba la chimanga loyenera kuwerengedwa ndi kukwezedwa. Munthu wambayo akadandaula, mayi wa kampani amasamba m'manja n'kunena kuti imeneyo ndi kampani ina. Phindu likabwera ndi la banja lonse, koma mlandu ukabwera ndi wa mwana yekha.

Ndipo wantchito amene walembedwa pa malipiro ochepa, amene wapatsidwa mphindi zowerengeka kuti akweze anthu oposa 180, ndiponso amene mabwana ake amuuza kuti ntchito yake ndi kupeza sutikesi yolemera kuti ilipitsidwe, sachedwa kuphunzira kuti munthu woima patsogolo pake ndi mdani. Khalidwe loipa la pa kauntala silibadwira pa kauntala. Limatsika kuchokera m'maofesi a pamwamba, monga madzi a Likhubula atsikira kuchokera kuphiri, ndipo wofuna kudziwa chimene chadetsa madziwo amakwera kumtunda.

Kumene chiphunzitsochi chimafikitsa anthu kunaoneka ku Ulaya. Pa bwalo la Stansted munthu wina wolumala analipitsidwa mapaundi 18 kuti abwereke chikuku chomufikitsa pa ndege ya Ryanair, ndipo zinatengera khoti mu 2004 kuti ligamule kuti kumeneko kunali kumusala. Mu 2009 mkulu wa kampani yomweyo, Michael O'Leary, ananena pa wailesi ya kanema ya BBC kuti akuganiza zolipitsa paundi imodzi munthu wofuna kupita kuchimbudzi m'ndege. Ryanair si mwana wa kampani ina, koma ndiyo inali mphunzitsi amene makampani akuluakulu ankatumizako ana awo kukaphunzira. Ku America, mu Epulo 2017, dokotala wina wa zaka 69 anakokedwa pansi ngati mbuzi, magazi ali kukamwa, kutulutsidwa m'ndege pa bwalo la Chicago, chifukwa mpando wake, umene anali ataulipira, unkafunidwa ndi antchito a ndege. Ndegeyo inali yolembedwa United Express, koma oiyendetsa anali kampani ina yaing'ono yogwira ntchito m'dzina la United. Mawu oyamba a mkulu wa United anali oikira kumbuyo antchitowo. Anapepesa moona pambuyo pake, dziko lonse lapansi litaona zithunzi.

Amalawi safunika kuphunzitsidwa ndi munthu wa ku Ulaya za kunyamulidwa ngati katundu. Ndege zoyamba zimene anthu wamba a dziko lino anazikwera mwaunyinji zinali za Wenela, zowatenga kupita ku migodi ndi kuwabweza, ndipo m'ndege zimenezo munthu ankadziwika ndi nambala yake. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inali kubwera kuno inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, chifukwa mafuta ake anali atasakanizidwa ndi a mtundu wina, ndipo Amalawi 74 ochokera ku migodi anafera pomwepo. Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, analetsa kulemba anthu opita ku migodi, ngakhale kuti ndalama zochokera kumeneko zinali zofunika kwambiri pa chuma cha dziko, ndipo kulembako sikunayambirenso mpaka 1977. Izi sizikutanthauza kuti ndege zotsika mtengo za masiku ano n'zoopsa. Zimatsata malamulo a chitetezo omwe makampani ena amatsata. Koma mtundu wa anthu umene unaikapo m'manda ana ake otumizidwa ndi nambala uli ndi chifukwa chokwanira chokanira aliyense wobwera kudzauuza kuti pali anthu a mtengo wapatali ndi anthu otchipa.

Ena amati ulemu umadya ndalama, ndipo kampani yofuna kutsitsa mtengo iyenera kuudula monga idulira chakudya. Anthu otere akwere phiri la Mulanje tsiku limodzi. Pa Likhubula pamabwera alendo a mitundu yonse: akazembe ndi mabwana a makampani, ophunzira a ku Ulaya amene amawerengera khobidi lililonse, ndi ana a sukulu a m'dziko muno amene asonkherana ndalama ya galimoto. Onsewa amakwera njira yomweyo, ya Chapaluka yodzera pa Dziwe la Nkhalamba kapena ya Skyline yoongoka ngati makwerero, ndipo mnyamata wowalondolera amadikira wotopa, amagwira dzanja woterereka, amachenjeza za chiperoni chikayamba kutsika, osayamba wafunsa kuti m'thumba mwa mlendoyo muli zingati. Akafika pa nyumba ya alendo ya ku Chambe, pansi pa nsonga ija imene ili ndi thanthwe limene okwera mapiri amalidziwa kuti ndi lalitali koposa mu Africa muno, mlonda amasonkha moto umodzi, ndipo onse amaotha womwewo. Wolemera angabwere ndi nyama ya m'chitini ndipo wosauka angabwere ndi mbatata. Kusiyana kwake n'komweko. Moni wake ndi mmodzi.

Anyamata amenewa sanapite ku sukulu ya zosamalira alendo, ndipo ndalama zimene amalandira pa tsiku sizingagule ngakhale chakudya cha masana pa bwalo la ndege la Johannesburg. Ngati ulemu ukanakhala wodula, iwowa ndiwo akanayamba kuudula. Zoona zake n'zakuti chakudya chimadya ndalama, mpando wotakasuka umadya ndalama, koma kunena kuti "Pepani bambo, ndege ichedwa ndi maola atatu chifukwa cha chakutichakuti, madzi akumwa ali apo" sikudya ngakhale tambala imodzi. Kampani ya Southwest, imene inayamba zonsezi, inatchuka chifukwa cha nsangala za antchito ake, ndipo inapeza phindu chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 40. Ryanair yomwe, itaona kuti mbiri yake yaipa, inavomera mu 2013 kuti iyenera kuleka kukwiyitsa anthu popanda chifukwa, ndipo chaka chotsatira inayamba kufewetsa malamulo ake. Mphunzitsi anasintha, koma ophunzira ake ena akadali kuloweza phunziro lakale.

Si ana onse a makampani amene anafa. Jetstar, mwana wa Qantas wa ku Australia, wakhala akuuluka kuyambira 2004, ndipo Jambojet, mwana wa Kenya Airways, kuyambira mu Epulo 2014, ndipo wakweza Akenya ambiri amene kale ankangodziwa basi ya usiku ya ku Mombasa. Koma kumeneko kuli anthu ambiri oyenda ndiponso mizinda yotalikirana, kotero kuti mwanayo anapeza munda wakewake wolima m'malo molimbirana mbale ndi make.

Dziko lino si Kenya, ndipo si South Africa. Air Malawi inayamba mu 1964 ngati mwana wa Central African Airways, inaima payokha mu 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika mpaka ku London ndi ndege yake ya VC10. Inkadzitcha kampani ya nsangala ya mu Africa, koma nsangala yopanda kusunga nthawi ndi kusamala ndalama sinathe kuipulumutsa, ndipo inathetsedwa mu 2013 itamira m'ngongole. M'malo mwake munabwera kampani imene lero ikutchedwa Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma litatenga magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines magawo 49. Ndege zake n'zowerengeka m'zala. Kampani yotere kuiuza kuti ibereke mwana wotsika mtengo, ndiye kuuza nkhuku ya dzira limodzi kuti itsegule sitolo ya mazira. Ndipo Ethiopian Airlines yomweyo, imene yakula kuposa makampani onse a ndege mu Africa, yafika pamenepo popanda kubisala kumbuyo kwa mwana wotsika mtengo wa dzina lina. Ngati Malawi Airlines ili ndi mipando yotsala, iigulitse motsika mtengo m'dzina lake lomwe, kwa wogula msanga, kwa wophunzira, kwa wopita ku maliro, ndipo wokhala pa mpando wotsika mtengoyo apatsidwe moni womwe ukupatsidwa kwa nduna ya kutsogolo.

Ndege yotsika mtengo inayesapo kale kubwera kuno. Mu 2015 kampani ya fastjet inayamba maulendo pakati pa Dar es Salaam ndi Lilongwe, ndipo chaka chotsatira inali italeka. Izi zikusonyeza kuti chimene chimakweza mtengo wa tikiti m'dziko muno si tiyi kapena nsangala za atsikana othandiza m'ndege. Ndi mafuta amene amayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndi misonkho ndi ndalama zolipira pabwalo zimene zimaunjikidwa pa tikiti. Ndi kuchepa kwa okwera. Ndiponso kusowa kwa ndalama zakunja, pakuti ndege, zipangizo zake ndi inshuwalansi yake zimalipiridwa m'madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, tikiti iliyonse inamva kuwawa kwake. Wofuna kutsitsa mtengo ayambe pamenepo. Kudula ulemu sikuchotsa ngakhale dontho limodzi pa mtengo wa mafuta.

Komabe ana a makampani akunja adzafika ndithu. Mu 1999 maiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro kuti atsegulirane mlengalenga, ndipo mu Januwale 2018 bungwe la African Union linakhazikitsa ku Addis Ababa msika umodzi wa maulendo a pa ndege. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo zimenezi zidzakopa alendo amene kale sankadziwa n'komwe kuti Sapitwa ali kuti. Makampani otsika mtengo akadzagogoda, alandiridwe ndi manja awiri, pakuti mpikisano ndi wabwino ndipo anyamata a ku Chambe akufuna alendo. Koma akuluakulu opereka ziphaso adzawerenge bwino mapepala, adzafunse kuti mayi wa kampaniyo ndani, ndipo adzalembe m'pangano kuti mwanayo akadzatseka zitseko anthu ali ndi matikiti m'manja, make adzabweza ndalama. Pakanakhala pangano lotere ku South Africa mu 2006, okwera Mango sakanalira mu 2021.

Maiko a ku Ulaya, kumene chiphunzitso choipachi chinakulira, anachipezera mankhwala. Lamulo lawo la nambala 261 la mu 2004 limati munthu amene wakanizidwa kukwera ndege atagula tikiti, kapena amene ulendo wake wathetsedwa mwadzidzidzi popanda chifukwa chosapeweka, alipidwe kuyambira mayuro 250 mpaka 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo, ndipo podikira apatsidwe chakudya ndi pogona. Lamuloli silifunsa kuti tikitiyo inagulidwa pa mtengo wanji. Lamulo lina la mu 2006 limaletsa kulipitsa munthu wolumala chithandizo cha pabwalo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, lili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lilinso ndi bungwe loyang'anira za ndege. Chofunika n'chakuti ufulu wa wokwera ndege ulembedwe momveka, ndi ziwerengero zake, upachikidwe pa khoma pa Chileka ndi pa Lumbadzi m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti mayi wochokera ku Chambe amene akukwera ndege koyamba kukaona mdzukulu wake ku Joni athe kuwerenga yekha n'kuloza ndi chala.

Ndipo ogwira ntchito m'boma asaganize kuti nkhaniyi ndi ya makampani okha. Munthu asanafike pa chitseko cha ndege amadutsa m'manja mwa wapolisi, wa zolowa ndi zotuluka, wa kasitomu ndi wa zaumoyo, ndipo onsewa amalipidwa ndi msonkho wa munthu yemweyo. Matenda oyang'ana nsapato za munthu asanamuyankhe sanabwere ndi Mango. Ndi otsala a nthawi ya atsamunda, pamene sitolo ya Mandala inali ndi khomo la azungu ndi zenera la anthu akuda. N'zomvetsa chisoni kuona Mmalawi atavala yunifolomu ya boma akuweramira mlendo wa sutikesi yachikopa, kenako n'kukalipira mbale wake wochokera ku Joni chifukwa katundu wake ali m'thumba lamizeremizere lomangidwa ndi chingwe. Ndalama za m'thumba lamizeremizerelo ndizo zamanga nyumba za malata zambiri m'midzi ya ku Mulanje. Mu Januwale 2019 South African Airways inaimitsa maulendo ake pa Chileka chifukwa cha zofooka za pabwalo, monga mpanda ndi zozimira moto, ndipo ntchito yokonza inayamba msanga chifukwa wodandaulayo anali wamkulu. Dandaulo la munthu wamba likuyenera kuthamangiridwa ndi liwiro lomwelo.

Atsogoleri a nthambi ndi madera amene amamva madandaulo a anthu obwera kuchokera ku ulendo asangogwedeza mutu. Afunse tsiku, nambala ya ndege ndi malo amene zinachitikira, alembe, ndipo atumize kwa Bwanamkubwa kapena kwa phungu wa deralo, kuti zikafike ku unduna wa zamtengatenga zili papepala. Mabwana a pa mabwalo a ndege nawo aike bokosi la madandaulo limene kiyi yake ili ndi munthu wina, osati wodandaulidwayo, ndipo mwezi uliwonse aziuza anthu kuti madandaulo anabwera angati ndipo anayankhidwa angati.